Kalata ya Dzina Latsopano

Ine Eliya makalata sindinkawakhulupirira, ndipo musandiseke. Kwathu kutsidya kwa Ruo, Mpwitikizi wina anandituma ndi kalata kwa mnzake. Mnzakeyo atawerenga anaitana asilikali, n'kundimenya ndi mbalamatodya, thabwa lawo lokwapulira m'manja, mpaka manja kutupa. Chilango changa ndinachita kudzinyamulira ndekha.

Nditathawira ku Thyolo, tsoka lake ntchito imene ndinapeza pa esiteti ya tiyi ya Buleyitoni inali yonyamula makalata yomweyo. Chaka chachitatu mzungu wathu analowetsa mnzake m'malonda, kampani n'kukhala Keloko. Chikwangwani chinasintha, chidindo chinasinthanso. M'malaini anthu anayamba manong'onong'o, amvekere munthu sasintha dzina popanda chobisa. Ena ankati atigulitsa, ena ankati Alomwe tonse atibweza kwa Apwitikizi.

Ndiye tsiku lina Gideoni kalaliki, mwana wa ku mishoni wa kolala youma uja, akundipatsa envulopu yomata ndi phula lofiira.

"Iyi ndi ya kwa bwana wa msonkho, a Eliya. Isanyowe."

"Muli chiyani?"

"Za dzina basi."

"Dzina la yani?"

Anangoseka osandiyang'ana, ndipo kusekako ndi kumene kunandimaliza. Envulopuyo inali yonenepa, ine mumtima ndinati muli maina athu tonse. Nditafika pa mlatho wa mitengo ndinaimangirira ku mwala n'kuiponya mumtsinje. Kunyumba ndinauza mkazi wanga Anesi, ndikudzitama kuti ndapulumutsa mtundu. Iye anangopitiriza kusenda chinangwa chake.

Nyengo ya msonkho inakwana mzungu wathu ali pa ulendo ku Zomba. Wogwira ntchito kwa mzungu ankaonetsa tikiti yodindidwa n'kulipira theka, choncho tinafola aliyense mashiling'i atatu m'manja. Wokhometsa msonkho anatembenuza tikiti yoyamba, n'kuyendetsa chala m'buku lake.

"Keloko? Muno mulibe. Chidindo ichi mwasema nokha?"

Analamula kuti aliyense alipire asanu ndi limodzi, ndipo wopanda, mkazi wake akasungidwe ku boma mpaka ndalama zipezeke. Ndani pamzere paja anali ndi asanu ndi limodzi?

Gideoni anasendera kutsogolo. "Bwana, tinalemba kalata yodziwitsa boma za dzinali. A Eliya, simunakapereke?"

Maso onse anali pa ine, asilikali a boma akumasula kale chingwe. Ndinene zoona, ndinachita mantha.

"Ndinakapereka zimene munandipatsa. Kaya munalembamo zotani, mukudziwa ndinu."

Anthu anamutembenukira Gideoni ndi matukwano, poti wodziwa kulemba sachedwa kuganiziridwa. Pa chingwe anamangapo akazi khumi ndi awiri. Wachisanu anali Anesi, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Mzere unadutsa pafupi nane. Ndinkangodikira kuti andiulula. Iye anaima pang'ono, chingwe chikumukoka, n'kundiuza m'Chilomwe motsitsa mawu:

"Nkhuku muzitsekera. Koma ndikabwerako, ndisadzakupezeni pakhomo panga."