Nthambi Yosaima Payokha

Mphunzitsi wa Chingerezi anali pabenchi m'khonde la chipatala, choko chidakali m'zikhadabo. Amuna ake anali m'chipinda cha opaleshoni. Pambali pake panakhala apongozi ake aakazi ndi mlamu wake, mwini Chingerezi chongotolatola ngati nkhuku pabwalo.

Chitseko chinatseguka. Dokotala anali mlendo, wosadziwa ngakhale moni wathu. Anatsitsa chophimba kukamwa n'kuyamba: "Although the operation went well..."

Namwino anatulukira akuthamanga n'kumunong'oneza. Dokotala anabwerera m'kati osamaliza.

"Mwamva? Akuti zayenda bwino!" anafuula mlamu, foni ili kale kukhutu. "Amayi, mwana wanu wapulumuka!"

Apongozi anaimba nthungululu mpaka mlonda anasuzumira.

Mphunzitsi sanasunthe. Dzulo lomweli anali atakalipira ana m'kalasi chifukwa cha liwu loyambalo. "Although" ndi "ngakhale" wathu yemweyu, anawauza, ndipo mawu otsogozedwa nalo ndi nthambi yosaima payokha. Imayamba yakunyambititsa kabwino, nkhani yeniyeni ili m'mbuyo, ndipo ikafika imabwera motsutsa. Mwana wosiyira chiganizo pamenepo ankamudula malikisi mosanyengerera.

"Alamu, bwanji nkhope ngati mwaluma ndimu?" anaseka mlamu. "Kapena Chingerezi chawathawa aphunzitsi?"

"Sanamalize kulankhula."

"Amalize chiyani? Bwino ndi bwino basi!"

Apongozi anamugwira dzanja. "Mwananga, wasukulu ndiwe. Akuti ali bwino, eti?"

"Akuti opaleshoni yayenda bwino, amayi."

Silinali bodza, koma linamuwawa ngati bodza. Mumtima anayamba kumaliza yekha chiganizocho. Achedwa kutsitsimuka. Ataya magazi ambiri. Sadzayendanso. Zonsezo akanazilandira ndi manja awiri, bola munthu akupuma.

Chitseko chija chinatsegukanso. Ulendo uno dokotala ankayenda pang'onopang'ono, kachipewa kake kali m'manja, namwino akumutsatira maso ali pansi. Anawayang'ana onse atatu kufuna womumva, ndipo maso ake anaima pa mphunzitsi. Mlamu anali akuuzabe abale pafoni kuti asavutike n'kubwera.

Mphunzitsi anaimirira. Mayi yemweyu, amene zaka zonsezi ankamenya tebulo kulamula ana a eni kuti amalize chiganizo, anadzimva akulankhula m'Chingerezi chosalala bwino, chopanda polakwika:

"Chonde adokotala, musamalize."