Dzenje la Pakati pa Nyenyezi

Chaka chimene magazini akunja anayamba kufika osang'ambidwa masamba, Efulemu, mphunzitsi wa sayansi ku Nathenje, anapezamo nkhani imene inamutenga mtima. Mkuluyu sankatha kusunga chinthu m'kamwa. Kutacha anaitula kwa ana a Fomu 3: kumwamba kuli nyenyezi zakalekale zounjikana ngati chiswe, ndipo akatswiri achizungu akuganiza kuti pakati pake pali dzenje lakuda, losakula kwambiri komanso losachepa, limene limameza chilichonse choliyandikira. Dzenjelo silioneka. Amalifufuza ndi makina, poona mmene nyenyezi zoyandikana nalo zikuthamangira.

Nkhani ikadutsa pakamwa pa ana a sukulu imafika ilibe mutu. Pofika pamsika wa Mitundu, nyenyezi zonse zinali zitagwera m'njira. Kunatsala azungu, makina ndi dzenje lomeza.

Lachinayi masana, Efulemu anaona mayi ake, a Enelesi, ataima pakhomo pa kalasi, fumbi mpaka m'maondo. M'manja anali ndi chithunzi cha Jeremiya, mkulu wake wa Efulemu, amene anatengedwa ndi anthu a boma pamsika wa Mitundu pomwepo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo chifukwa cha mawu amene analankhula pogula fodya. Ndende zitatsegulidwa ena anabwerako, iye ayi.

"Ndamva kuti azungu abwera ndi makina ofufuzira dzenje lija ankatayamo anthu ogwidwa," anatero mayiwo. "Iwe umadziwa Chingelezi. Ukawapatse chithunzichi, alembe dzina lake."

Efulemu anachita manyazi, ndipo anadzida chifukwa cha pakamwa pake. Anawatengera kuseri kwa kalasi, nawapatsa mpando.

"Amayi, dzenje limenelo si la kuno. Lili kumwamba, pakati pa nyenyezi. Ngakhale iwowo sanalipezebe."

A Enelesi anapukuta chithunzi chija ndi nsonga ya chitenje.

"Akadzalipeza, zimene linameza zidzatuluka?"

"Ayi, amayi. Chalowamo sichibwerera."

"Nanga akuvutikiranji?"

Efulemu anati, "Angofuna kudziwa pamene lili."

"Ndiye ndi anthu anzeru," anatero mayiwo. "Inenso sindikuti Jeremiya adzuke. Ndingofuna pokagwada. Iwowo akufufuza lakumwamba, chonsecho lapansi pano, limene anthu analikumba ndi makasu, palibe akulifunsa?"

Belu linalira. Ana analowa m'kalasi n'kumadikira, koma Efulemu anakhala pansi pafumbi, pafupi ndi mapazi a mayi ake.