Mapiritsi a Timoteyo

Ndinali pa Kamwendo, pa ulendo wa ku Chipata. Foni ya alamu anga a Consolata inaudula ulendowo. Amuna awo, a Timoteyo, mwana wa bambo anga aakulu, ali m'chitokosi.

Mlandu? Ananyamula mlendo pa kabaza, n'kumuwolotsa malire kudzera m'minda ya fodya. Mlendoyo akuti ndi chigawenga. Achimwene anangoona kasitomala.

Anawagwira Lachinayi. Ili linali Loweruka. Amadwala shuga. Masiku awiri osamwa mankhwala.

Papolisi tinapeza sajenti wa maso ofiira, akuyasamula.

"Malamulo akuti pasanathe maola 48 munthu aonekere kukhoti," ndinatero.

"Akathera Loweruka, timadikira Lolemba. Muziwerenga mpaka pansi, bwana a ku Lilongwe."

Ankanena zoona. Zinandiwawa.

"Nanga mankhwala? Ngakhale malamulo a mayiko onse akuti womangidwa athandizidwe akadwala. Chigawenga kaya wakuba nkhuku."

"Ndakana ine? Koma cholowa muno, wobweretsa alawe kaye."

Alamu anamasula kansalu. Analuma mbatata. Anamwako tiyi wa m'botolo. Kenako anaika mapiritsi patebulo.

"Awanso, mayi."

"Mankhwala amalawa?" Mawu anga anakwera.

Sajenti anati, "Bwana, mlandu uwu si wa nkhuku. Anzake a mlendo uja akafuna kumutseka pakamwa mboniyi, adzera m'manja mwa ndani? Akafera muno, chitokosi chomwechi ndilowa ndine. Dokotala abwera Lolemba. Dikirani, kapena lawani."

Ndinayambanso za malamulo. Ndime yakuti, pangano lakuti. Sajenti anangotsamira khoma. Alamu sanandimvere n'komwe. Anatola piritsi limodzi, n'kumeza ndi tiyi uja.

Tinadikira. Ntchentche. Mathiraki akulira kumsewu. Patapita theka la ola sajenti anatenga piritsi lina, limodzi lokha, n'kulowa nalo pamodzi ndi mbatata.

"Mapiritsi otsalawa sakhala muno. Mawa mubweretsenso."

Mkati ndinamva chifuwa cha achimwene. Amwa.

Panja alamu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Thukuta. Shuga wawo anali atatsika. Ndinathamangira kugolosale, ndinabwera ndi chakumwa chotsekemera ndi mabanzi awiri. Anadya mpaka maso anayera.

"Lolemba lili kutali," anatero. "Mawa mulawa ndinu, alamu. Mubwere mutadya."

Minibasi ya kumalire inadutsa, kondakitala akuitana. Sindinaimike.