Nkhope ya Dona Zinha pa Botolo

Ermelinda anali atangoyala mabotolo ake a tsabola pamsika waukulu wa ku São Tomé pamene anatulukira amuna awiri a boma, wapolisi ali pambuyo pawo. Wamkulu pa awiriwo ananyamula botolo limodzi n'kuloza nkhope ya mayi wovala duku imene inamatidwa pamenepo.

"Mayi, dzina ili la Dona Zinha mwalitenga kuti?"

"Ndalitenga kuti? Amenewo ndi mayi anga ondibala, malemu. Chithunzicho ndinajambula ndine, pakhonde pathu ku Trindade."

"Dzinali lili ndi mwini wake, analembetsa ku boma. Katundu wanuyu ndi wachinyengo."

Amayi ogulitsa nsomba ndi nthochi anayamba aseka, kuyesa nthabwala. Phwete linatha ataona mabotolo akulowa m'thumba.

"Iwe wapolisi, si iwe umagula tsabola yemweyu?" anakuwa wina. "Lero wasanduka wachinyengo?"

Wapolisiyo anangoyang'ana kumbali.

Mwini dzinayo anali Gervásio, mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake Idalina. Chibwerereni kuchokera ku Lisbon, Gervásio ankakonda kukhala m'khitchini mwa Ermelinda, kumalawa, kumayamikira, kumafunsa kuti alendo amagula kwambiri botolo liti. Ermelinda ankayankha zonse ndi mtima woyera. Tsabolayo anamuphunzira ali kamtsikana, akusinja pambali pa mayi ake mpaka manja kutentha. Idalina ankathawa, ati amamuwawa m'maso.

Ku ofesi yolembetsa mayina a malonda anamulandira Ermelinda mwaulemu, anamupatsanso mpando.

"Lamulo limateteza amene wayamba kulembetsa," anatero mayi wa pamenepo. "Tinalengeza, ndipo nthawi yotsutsa inadutsa."

"Munalengeza kuti? Pamsika simunafike."

"Pepani amayi. Mwina mupeze loya."

Loya woyamba anali mnzake wa Gervásio wa kusukulu. Wachiwiri anali mboni ya ukwati wake. Wachitatu anamvetsera bwinobwino, kenako anati mlandu ungakhalepo, koma udzatha tsitsi litayera.

Lamlungu lina Idalina anafika ndi galimoto, atanyamula keke.

"Achemwali, musapse mtima. Bambo a kunyumba akuti chibale chisathe chifukwa cha botolo. Akukupatsani ntchito."

"Ndiziwaphikira?"

"Ayi, zophikazo akuchita makina, ufa wa tsabola ukuchokera kunja. Inu muzingokhala m'shopu ya ku bwalo la ndege, mutavala duku. Mwafanana kwambiri ndi amayi. Azungu azijambulitsa nanu."



"Idalina, pamene amayi ankadwala unkati kununkha kwa mankhwala kukukudwalitsa mutu. Lero nkhope yawo sikukudwalitsa?"

"Mwayambatu. N'chifukwa chake simutukuka inu."

"Tenga keke wako."

Ermelinda anabwerera pamsika ndi mabotolo opanda dzina, opanda nkhope. Anthu a pachilumba, amene ankadziwa kukoma kwake, anapitiriza kugula. Koma mahotela anasiya kumuitanitsa, ati katundu wopanda chizindikiro sangamuike patebulo. Alendo ankadutsa pa benchi yake atanyamula kale mabotolo a Gervásio.

Tsiku lina mzungu wina anaima, analawa, n'kuphethira misozi.

"Ameneyu ndiye tsabola! Akuposa wa Dona Zinha uja. Munawadziwapo mayi amenewo?"

Ermelinda anatseka botolo, n'kulikulunga m'pepala.

"Sindiloledwa kuwatchula," anatero.