Phazi la Boonlert

Wanpen ankapukuta milomo ya mwana wake Khing pamene mwamuna wake Boonlert analowa m'wodi, yunifomu yake ya opulumutsa anthu pangozi itanyoweratu. Linali tsiku lachitatu la Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo anthu mumzinda wonse wa Khon Kaen ankathirana madzi ndi kupakana ufa m'misewu, mowa uli m'mutu.

Khing anali ndi zaka khumi ndi ziwiri koma mtima wake unali utatopa ngati wa nkhalamba. Unafunika wina. Tsono mtima sagula pamsika. Umachokera kwa munthu wovulala m'mutu, amene ubongo wafa thupi likadali lofunda. Banjali linali litadikira miyezi isanu ndi itatu, ndipo zala za mwanayo zinali zitayamba kuda.

"Bambo, akupakani ufa nkhope yonse," Khing ananong'ona. "Mukuoneka ngati mzukwa."

"Mzukwa wamimba chonchi unauona kuti iwe?"

Mwanayo anaseka, n'kutsokomola, n'kugona.

Atatuluka pakhonde, Wanpen anafunsa funso limene iye mwini ankanyansidwa nalo. "Lero pamsewu zinali bwanji?"

"Funsani molunjika, mayi a Khing. Mukufuna kudziwa ngati wina wapita."

"Musandinene choncho. M'mawa uno ndapereka chakudya kwa amonke a kukachisi, nsomba ndamasula mumtsinje pofuna madalitso. Sindifunira munthu zoipa ine."

Boonlert anakhala pansi. Zaka khumi ndi zinayi anayendetsa ambulansi mongodzipereka, pofuna madalitso, ndipo anzake ankamunyoza kuti mabuleki sawadziwa. Tsikulo anali ndi mantha.

"Mtsikana wa njinga yamoto, wopanda chisoti," anatero. "Wina anamukhuthulira ndowa kumaso, mutu n'kukamenya m'ngalande. Tinamunyamula akupuma. Mnzanga kumbuyo akuti ponda, Lert, ponda. Ine maso pagalasi, ndikumuyeza msinkhu ndi Khing wathu. Ndimati ndiziona, liwiro latsika. Palibe amene analiuza phazili. Linangochoka lokha popondera moto."

"Nthawi yaitali?"

"Kuchokera pamsika mpaka pamlatho."

Wanpen anafunsanso kuti, "Ndiye ali moyo?"

"Akumuchita opaleshoni pansi pathu pano. Mayi ake ali pabenchi. Atandiona anaphatikiza manja, kundithokoza kuti ndafulumira." Anapukuta ufa kumaso, n'kungoupakiza. "Kiyi ndabweza. Ndawauza apeze wina woyendetsa mpaka chikondwererochi chithe."

"Mwachita bwino," anatero Wanpen, koma mumtima munamupweteka, ndipo anachita manyazi ndi kupwetekako.

Anasuzumira m'wodi. Chifuwa cha Khing chinkakwera movutikira. Kenako anatenga botolo la madzi ndi mpunga wokulunga m'tsamba umene anaugula masana.

"Mukupita kuti?"

"Mayi uja ali yekha. Munthu sadikira yekha pakhomo lotero. Ndikapemphera naye."

"Mukapempherera mwana wa ndani?"

Wanpen anaima, dzanja lili pachitsulo cha masitepe. Anatsika pang'onopang'ono.