Tcheni pa Njinga ya Alamu

Kwathu kwa Mavwere madokotala ndi ambiri kuposa odwala. Mwana akangotentha thupi, ngakhale munthu wongodutsa pamsewu amadziwa kale dzina la matendawo. Mkulu wa madokotala onsewa anali mayi athu aakulu, a Esitele, amene sukulu anangoisuzumira pawindo, koma pa nkhani ya matenda simukanawauza kanthu.

Chinali chaka chomwe tinavota kachiwiri chija. Takondwa, mwana wa mkulu wanga Felista, anali atangoyamba kukwawa pamene anatentha thupi. Tinachita zomwe aliyense amachita: fansida wa pagolosale, kumuphwanyira m'supuni. Kwa ife kutentha thupi kulikonse kunali malungo, ngakhale munthu atapsa ndi phala.

Koma mwana sanasinthe. Anasiya kuyamwa, chilichonse cholowa m'kamwa chimabwerera. Kulira kwake kunali kosongoka. Ukamunyamula, mutu umathawira kumbuyo, khosi lili gwa! Ndipo liwombo, paja pamakhala pofewa pamutu wa khanda, linatukuka.

A Esitele anagwira liwombolo, n'kupukusa mutu ngati munthu amene waziona zambiri.

"Kutupa uku ndikukudziwa ine. Mwanayu amusempha."

Paja amati tsempho imagwira mwana ngati bambo wake wayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzamunyamula. Ndiye maso onse anatembenukira kwa alamu anga a Greyson. Iwo ankachita geni yowolotsa shuga pa njinga kupita ku Zambia, n'kubwerako ndi zitenje za ku Chipata. Mkamwini wogona kunja, wobwera akununkhira sopo wachilendo, mlandu unali utamugwira asanatsegule pakamwa. Chonsecho alamu anali munthu wamanyazi woti akakumana ndi mkazi panjira, moni amapereka akuyang'ana zala za kumapazi.

Atangofika kuchokera ku ulendo n'kumuona mwanayo, anatsitsa katundu msangamsanga.

"Felista, bereka mwana, tiye kuchipatala."

Amalume athu a Vitus anagwira mahandulo a njinga.

"Chipatala chake chiti, bambo? Cha ku Chipata? Mukufuna muthawe musanaulule?"

Abale inu! Anatenga tcheni cha ngolo, n'kumangirira njingayo ku mtengo wa mango, loko khethe, kiyi m'thumba la jekete. Njinga imodzi yokhayo pa mudzi wathu wonse, zina zonse zitapita ndi eni ake ku maesiteti. Felista akanatha kuuyamba wapansi, koma a Esitele anali atamuuza kale kuti mwana wa tsempho akangobayidwa jakisoni asanamwe mankhwala akuchikuda, amatsirizika pomwepo. Mkulu wangayo anangokhala pakhonde, mwana pamiyendo, misozi chuchuchu. Ine nditati tiyeni tipite basi, a Esitele anandifunsa kuti, "Iwe Luwiza, wabereka angati?" Ndinapsa mtima, koma mawu a mtsikana wosakwatiwa pabwalo la akuluakulu ndi phokoso chabe.

Bwalo linakhala. Anatuma munthu kukaitana ankhoswe kwa Chiosya. Ankhoswe atafika anati sangayankhule ndi njala, ndiye nkhuku inafa. Dzuwa linalowa, linatuluka, anthu akadali pa funso limodzi lomwelo. Alamu ankalumbira, kutchula Mulungu, kutchula manda a mayi awo. Amalume ankangoti, "Onse amatero."

Kenaka mwana anakomoka, maso kutembenuzika, manja ndi miyendo kugwedezeka. Felista anakuwa. A Esitele analoza chala.

"Mwaona? Wamva mawu a bambo wake akunama."

Apo alamu anamuyang'ana mwana wawo, n'kugwada pansi pafumbi.

"Chabwino, ndinachita."

Eee, nkhope za anthu kuwala kwake! Mukanati alandira chimanga chaulere.

"Ndi ndani?" anafunsa amalume, akusendeza mpando kufupi.

"Princess. Amagulitsa mowa ku Chipata."

"Wooneka bwanji? Woyera? Wathupi?"

Kuti zimenezo zimathandiza bwanji kuchiza mwana, kafunseni amalume. Anafunsa mpaka mtundu wa diresi. Atakhuta, a Esitele anabweretsa mizu yawo yonyika, alamu anathiramo mchere ndi dzanja lawo monga anawalamulira, n'kumumwetsa mwana. Mwana anasanza zonse. A Esitele anati ndiye kuti matenda akutuluka. Apo m'pamene kiyi inatuluka m'jekete.

Felista anakana kukwera njinga ya munthu wa Princess, anati atitsatira wapansi. Ndinabereka mwanayo ndine n'kukhala pakaliyala. Alamu anapalasa ngati akuthamangitsidwa ndi apolisi a pamalire. Kumsana kwanga kunkatentha ngati ndabereka mbaula.

"Alamu, Princess ameneyu alipodi?"

"Gwira mwana bwino, mlamu. Akanafuna ndivomere kuti ndinapha munthu, ndikanavomeranso."

Ku chipatala cha mishoni tinapeza adokotala, bambo wamfupi wa maso otopa. Sanafunse za Chipata, sanafunse za diresi. Anamugoneka mwana chagada, n'kuika dzanja kunkhongo kuti aweramitse mutu. Thupi lonse linadzuka limodzi ngati thabwa. Anagwira liwombo, anamuitana mwana, anamutsina pang'ono, mwana ali zii. Anatenga magazi pachala, malungo munalibe. Kenaka anamupinda n'kulowetsa singano pamsana, ndipo madzi omwe anatuluka anali ambuu ngati otsukira mpunga.

"Madzi awa amayenera kukhala oyera mbee," anatero adokotala. "Awa ndi matenda oumitsa khosi. Tizilombo talowa mpaka ku ubongo, ndipo fansida satidziwa n'komwe. Mwana wotentha thupi akasiya kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, khosi likauma kapena liwombo likatukuka, simudikira kuti kuche. Munali kuti masiku onsewa?"

"Tinali pa mlandu, adokotala," anayankha alamu.

Adokotala anawayang'ana mwaukali. Anaitana anamwino kuti abweretse diripi.

Jakisoni yemwe ankati apha mwana uja anamubaya m'mawa ndi madzulo, sabata kupitirira. Thupi linazizira, khosi linafewa, Takondwa anayambanso kuyamwa. Felista, amene anali atafika tsiku lomwelo mapazi atatupa, anaseka koyamba. Koma tsiku lotuluka adokotala anaima kumbuyo kwa mwanayo n'kuomba m'manja pafupi ndi khutu. Anaombanso mbali inayo. Takondwa sanaphethire n'komwe.

"Moyo tapulumutsa," anatero motsitsa mawu. "Makutu munachedwa nawo."

Kumudzi tinalandiridwa ndi nthungululu. A Esitele ankayenda khomo ndi khomo kufotokoza momwe anamuchizira mwana, kuti achipatala anangomalizitsa ndi timadzi tawo. Alamu anayesa kunena kuti Princess anangomupeka kuti amasule njinga. Ndani akanamva? Munthu anavomera yekha atagwada, pamaso pa ankhoswe, mpaka mtundu wa diresi. Ine ndinachitira umboni mpaka mawu kusasa, koma anthu anati alamu andigula ndi chitenje. Felista mtima unamukanika kuwakhulupirira, ndipo mvula isanagwe ukwati unatha, alamu anabwerera kwawo.

Pano Takondwa ndi mnyamata wothamanga, wokonda kuumba ng'ombe zadothi. Tsiku lina ndinapeza a Esitele atakhala pamkeka, akumuitana kuti awatungire madzi akumwa. Anaitana, anaitananso, mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera.

"Amayi, mwanayo samva," ndinatero. "Mukudziwa bwino lomwe chimene chinatseka makutu amenewo."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chizungu, n'kutsonya.

"Samva chiyani? Ndi mwano basi. Magazi a bambo wake."

Takondwa anapitiriza kuumba ng'ombe yake, atatipatsa msana.