Makina a Smart pa Msika wa Chiromo

Rosa Kaitano ankaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kufupi ndi Chiromo. Analinso ndi tsamba pa Fesibuku pomwe ankaikapo macheza ake ndi akatswiri a sayansi. Ankawaimbira pa foni ya vidiyo ali pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa ofesi, pomwe netiweki inkagwira, kenako n'kumasulira mawu awo m'Chichewa. Omutsatira sanali ambiri. Anali aphunzitsi anzake, ophunzira ake akale ndi anthu angapo a ku esiteti ya nzimbe.

Nkhani ya makompyuta a kwantamu inamutengera miyezi kuti imulowe m'mutu. Atadzikhulupirira, anapeza mayi wina wofufuza pa yunivesite ina ku South Africa, Dokotala Otilia, amene makolo ake anali a ku Mutarara, tsidya la Mozambique. Mayiwo anafotokoza modekha. Kompyuta wamba imawerengera ndi tizigawo tokhala ziro kapena wani. Mu ya kwantamu, kachigawo kamakhala ndi mbali ya zonse ziwiri mpaka utakayeza, ndipo ukakayeza kamagwera kumodzi. Anati makinawa ndi osalimba, ambiri amasungidwa pozizira koopsa, ndipo akadali ongoyesedwa. Rosa atafunsa ngati angathandize odwala, mayiwo anati mwina tsiku lina adzathandiza kupeza mankhwala atsopano, koma tsikulo likadali kutali.

Vidiyoyo inaonedwa ndi anthu ochepa, monga mwa masiku onse.

Patapita milungu, Rosa anapita kumudzi kukaona bambo ake, msodzi wa m'dambo amene ankadwala kuthamanga kwa magazi. Anawapeza akusoka ukonde, nkhope ili yowala. Anamuuza kuti mapiritsi a kuchipatala anawasiya, chifukwa makina a kwantamu anawapima pamsika n'kupeza kuti magazi awo ali bwino, vuto ndi chiwindi basi. Anamuonetsa botolo la ufa wobiriwira.

"Ndi makina ako omwe aja," anatero mkuluyo. "Nkhope yako ndaiona ndi maso anga, ukuyankhula ndi adokotala."

Rosa sanawatsutse pomwepo. Tsiku la msika litakwana anapita yekha kukaona.

Mwini makinawo anali bambo wina dzina lake Smart, wovala jekete loyera ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Patebulo pake panali laputopu, kabokosi kolumikizidwa ndi kachitsulo kogwira m'manja, ndi mabotolo ondandalikidwa. Laputopuyo inkaonetsa vidiyo ija, ndipo sipika inkabwereza mawu a Rosa yemwe, akumasulira kuti makina a kwantamu adzathandiza kupeza mankhwala. Mawu oti "mwina" ndi oti "kutali" anali atadulidwa. Anthu a pamzere atamuzindikira anamupatsa njira mwaulemu, ndipo mayi wina anamugwira dzanja n'kumuthokoza m'Chisena kuti takhuta.

Smart anamulandira ngati mlendo wolemekezeka. Rosa anamuuza kuti a Otilia ndi dokotala wa maphunziro a fizikisi, sanapimepo wodwala, komanso kuti kompyuta ya kwantamu singakwane m'chikwama cha panjinga. Smart anayankha kuti iye sanapeke mawu alionse, wangoonetsa zomwe aphunzitsi anaika okha poyera.

Pafupi panali mayi wogulitsa nsomba. Rosa anabwereka mlamba umodzi wauwisi, anaukanikiza pa kachitsulo kaja, n'kupempha Smart kuti apime. Anthu anali atayandikira, ndiye kukana kunavuta. Laputopu inazungulira kanthawi, kenako inalemba kuti wodwalayo ali ndi vuto la msana ndipo sagona mokwanira.

Ena anaseka n'kuchoka. Ena anakhalabe pamzere. Bambo wina wachikulire anauza Rosa, mosakwiya, kuti kuchipatala munthu umadikira tsiku lonse n'kubwerako osakhudzidwa n'komwe, pomwe apa amakufunsa dzina, amakukhazika pampando, n'kukuonetsa chithunzi cha m'thupi mwako. Rosa anabweza mlamba uja n'kunyamuka.

Sabata imeneyo anaimbiranso a Otilia n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo anapempha kuti ajambulenso. Ulendo uno anayankhula m'Chisena chawo chapaubwana, chopunduka apo ndi apo, kuti pasakhale womasulira.

"Ine sindipima matenda," anatero. "Makina amene ndimagwira nawo ntchito sapima munthu. Amene akumwa mankhwala a kuchipatala asawasiye."

Rosa anaika vidiyoyo pa tsamba lake, anaitumizanso m'magulu a Watsapu a mipingo ndi a asodzi. Inayenda ndithu, koma sinafike kutali ngati yodulidwa ija. Smart sanabwerenso ku Chiromo. Kunamveka kuti akuoneka m'misika ya kumtunda, ndipo sipika yake ikadali ndi mawu omwewo.

Bambo ake anaonera vidiyo yatsopanoyo mpaka kumapeto, n'kungoti Chisena cha mayiwo ndi cha kwawo kwenikweni. Mapiritsi sanayambirenso, ndipo ufa uja anapitiriza kumwa. M'mawa wina akukankha bwato anachita chizungulire n'kugwera m'madzi osaya. Anzawo anawavuula n'kuwatengera kuchipatala pa njinga. Namwino anapeza magazi atakwera kwambiri, anawagoneka, n'kuwayambitsanso mankhwala.

Rosa anawapeza atakhala tsonga pabedi, akudandaula za ukonde womwe anausiya m'madzi. Anawasendera nthochi. Iwo anadya pang'onopang'ono, maso ali pawindo.

"Nanga makina enieniwo," anafunsa, "iwe unawaonapo?"

"Ayi, Ababa. Pa chithunzi pokha."

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kumutuma kuti akauze asodzi anzake aja akavuule ukondewo ng'ona zisanaung'ambe. Rosa anatuluka kukafuna njinga yopita kudoko.